Kankhunda ka a Dobrivoje Kakana Phiri

Kuno ku Brestovo munthu aliyense ali nacho chake chonyadira. Wina ndi tsabola wa m'dimba mwake, wina ndi kachasu wake wa zipatso za mapulamu, wina ndi mwana amene ali ku Jeremani ngakhale mwanayo sayimba foni. A Dobrivoje chawo n'chakuti chibadwire sanaperekepo galimoto kwa makaniko. Amanena zimenezi pa ukwati, pa maliro, ngakhale pamzere wogula buledi, ndipo chotiwawa ife omvera n'chakuti sanama.

A Dobri, monga timawatchulira, anayendetsa lole ya mkaka m'mapiri muno mpaka kupuma ntchito. Kagalimoto kawo anakagula chaka chimene mwana wawo Slavica anabadwa, ndipo Slavicayo lero ali ndi imvi zimene amazibisa ndi mankhwala a tsitsi. Ndi kaja kotuwa, kamsana kozungulira, injini kumbuyo, thanki ya petulo kutsogolo m'buti moika katundu. Akazi awo, mayi Zagorka, ndiwo anakapatsa dzina loti Kankhunda, ati kakamalira m'mawa sikasiyana ndi nkhunda ya padenga. Kakadwala, a Dobri amatenga supuni yamtengo ya kukhitchini, mbali ina pa injini, mbali ina kukhutu, maso atatsinzina ngati munthu wopemphera.

"Galimoto silankhula, koma sinama," amatero. "Imafuna zitatu basi: moto, mafuta ndi mpweya. Ikaima, chimodzi mwa zitatuzi chasowa. Zina zonse ndi nkhani za amakaniko pofuna kukudyerani."

Mayi Zagorka, kapena kuti mayi Zaga, anali munthu wotseka zinthu. Monga amayi onse a kuno, ankakhulupirira kuti kamphepo kolowera pawindo n'kutulukira pachitseko kanapha anthu ambiri kuposa nkhondo. Choncho banjali limayenda m'Kankhunda mawindo ali chitsekere ngakhale dzuwa liswe mtengo, onse thukuta lili kamukamu, ndipo wokhudza chogwirira cha windo amalandira khofi la pamkono. Nthawi yokolola ikafika, mayiwa amadzaza mabotolo ndi tsabola wowotcha, jamu ndi msuzi wa matimati, n'kumata pakamwa pa botolo lililonse ndi phula la njuchi losakaniza ndi utomoni. Phulalo amalisindikiza ndi chala chachikulu cha kumanja. Chalacho chinali ndi chipsera cha chikwakwa chimene anadzicheka nacho ali mtsikana, ndiye botolo lililonse limatuluka ndi kadzenje kokhala ndi mzere pakati. Kumsika wa ku Leskovac ogula amayamba atembenuza botolo kufuna mzerewo asanafunse mtengo.

Mkangano wawo wa moyo wonse unali wa m'buti.

"Dobri, tchizi changa chikununkha petulo."

"Ndiye kuti sichiwola msanga. Uzindithokoza."

"Kagalimoto kakoka kamatulutsa mpweya woipa ngati mwini wake."

"Iwe Zaga, zokhoma mabotolo n'zako, za galimoto n'zanga."

Amatero chaka ndi chaka, ndipo aliyense amaona kuti amakondwa nazo. Chisanu chikayandikira, a Dobri amakweza Kankhunda pa njerwa m'shedi, kuchotsa batire, kukafunditsa bulangeti. Mayi Zaga amatenga butiyo kukhala nkhokwe yawo ya maapozi, poti mbewa sizilowamo.

Mayi Zaga anamwalira mu Febuluwale, atangodwala masiku ochepa. Anali atanena kale kuti adzagone pafupi ndi amayi awo ku Kamenica, mudzi wa pamwamba pa phiri kumene anabadwira. Kumeneko kunatsala nkhalamba zowerengeka, ndipo basi inasiya kale kupitako. Maliro anakwera pa thirakitala chifukwa cha chipale chofewa chimene chinatseka msewu. Pa mwambo wowakumbukira patatha masiku makumi anayi, a Dobri anakwera galimoto ya Slavica, atakhala kumbuyo ngati katundu. Atabwerako anangonena mawu amodzi, kuti kwa akazi awo sadzapitanso ngati mlendo wonyamulidwa.

Kutayamba kufunda anatsitsa Kankhunda pa njerwa. Kanalira ulendo woyamba womwe. Ankapita nako kugolosale, kutchalitchi, kokatenga mankhwala, popanda vuto lililonse. Vuto linabwera ndi dzuwa.

Tsiku lina lotentha anaika maluwa ndi makandulo pampando wa mayi Zaga, ulendo wa ku Kamenica. Atadutsa mlatho n'kuyamba chitunda, kupitirira pang'ono pa kasupe, Kankhunda kanatsokomola, kanadukiza, kenako zii. A Dobri sanatekeseke. Matendawa amawadziwa kuyambira nthawi ya lole: dzuwa likanyanya, petulo amawira m'paipi, pampu n'kumakoka nthunzi yokhayokha. Ananyowetsa nsanza pa kasupe, anaiyala pa pampu, anakhala pamthunzi. Patapita nthawi anapotokola kiyi, kagalimoto kanalira. Koma katangoyenda pang'ono kanaimanso, ndipo anabwerera kunyumba maluwa atafota.

Sabata yonse yotsatira anali m'shedi. Paipi ya petulo anaisuntha kuti italikirane ndi ekizozi, anaikulunga ndi nsalu, anasintha mapulagi, anapukuta kabuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya, mpaka kuwala. Ulendo wachiwiri ananyamula ndi theka la chivwende lovundikira pampu, mankhwala akale a madalaivala a kuno. Kankhunda kanaima pamalo omwe aja. Tsiku limenelo dzuwa linawapeza mdalayo. Munthu wina wa thirakitala anawaona atakhala pansi atatsamira tayala, nkhope ili psuu, akulephera kuimirira. Anawamwetsa madzi, n'kumangirira Kankhunda kumbuyo kwa thirakitala.

Msewu wolowera m'mudzi mwathu umadutsa pakhomo penipeni pa nyumba ya khofi, pamene amuna onse osowa chochita amakhala. Onse anaimirira. Woyamba kutsegula pakamwa anali a Tihomir, neba wawo wa mpanda umodzi, amenenso anali mboni ya ukwati wawo.

"Aneba, mwagula thirakitala osatiuza? Koma ndiye mwaika ngolo yokongola!"

"Khala chete iwe. Munthu woti njinga yako yomwe ndimakukonzera ine."

"Eya, koma njinga yanga imafika kumene ikupita. Pitani nako kwa anyamata a pagalaja aja, aneba. Safunsa anadya phula."

"Ndikafunse ana obadwa dzulo? Galimotoyi ili ndi zaka zambiri kuposa abambo awo."

Anayankha molimba, koma anachita manyazi kwambiri, ndipo masiku angapo sanaoneke kunja kwa mpanda.

Nkhani siigona. Slavica anafika kuchokera ku Leskovac nkhope itakwinyika. Tisamunenere zoipa mwanayu, si wankhanza. Anali ndi mantha, ndipo mantha a mwana wamkazi amene wangotaya mayi ake amatuluka ngati ukali.

"Ababa, mukufuna ndiike anthu awiri m'manda chaka chimodzi?"

"Ndani wafa? Ndinangokhala pansi kupuma."

"Kupuma pa tayala, lilime lili panja? Tamverani. Bambo uja wosonkhanitsa galimoto zakale akundiimbirabe foni. Mugulitse, mubwere kwathu. Chipinda chilipo. Kumanda ndizikupititsani ine ndikapeza mpata."

"Ukapeza mpata! Amayi ako azidikira mpata wako? Iwe, galimoto imeneyi inakutenga kuchipatala uli ngati kabotolo ka jamu, lero ukuiika pamsika?"

Anakangana mpaka khofi anazizira m'makapu. Pomaliza anagwirizana chimodzi, a Tihomir ali mboni kachiwiri. Mwambo wokumbukira mayi Zaga pakutha pa theka la chaka unali pafupi, mkati mwa Ogasiti. Tsiku limenelo a Dobri adzayendetsa Kankhunda, Slavica adzatsatira pambuyo. Kakafika ku Kamenica, nkhani yogulitsa ithere pomwepo. Kakaima panjira, makiyi aperekedwe pamsewu pomwepo popanda kulimbana.

"Ndavomera," anatero a Dobri. "Galu wamkota sakandira pachabe. Kadzafika."

Ankadziwa bwino chimene akubetcha. Popanda Kankhunda, kunalibe njira yopitira okha kwa akazi awo. Akanakhala m'chipinda cha pamwamba ku Leskovac, kumayang'ana magalimoto a eni ake pawindo, kudikira mpata.

Tsikulo linacha ndi dzuwa lopanda chisoni. A Dobri anavala malaya oyera, anaika koyilo yatsopano yopereka moto ku mapulagi imene anasunga zaka zambiri, anamanga nsanza yonyowa pa pampu asananyamuke n'komwe. A Tihomir anakhala pampando wa mayi Zaga atafungatira mbale ya tirigu wowiritsa wothira shuga ndi mtedza, woti akadalitsidwe pamanda. Pambuyo panali Slavica ndi wansembe, m'galimoto yawo yozizira mkati.

"Titsegule windo, aneba, ndikupsa," anadandaula a Tihomir.

"Gwira mbaleyo, usiye windo."

Anadutsa mlatho. Anayamba chitunda. Anadutsa kasupe, a Dobri n'kumuyang'ana neba wawo ndi diso lonyada. Asanamalize kunyadako, Kankhunda kanatsokomola, kanadukiza, kanaima pafupi ndi munda wa chimanga.

Slavica anaimika galimoto yake, anatuluka, anayenda pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

"Ababa, tinagwirizana."

"Tinagwirizana. Koma ngakhale wopita kokanyongedwa amamulola kusuta ndudu. Ndipatse nthawi ya ndudu imodzi."

Wansembe anayang'ana wotchi yake, poti anali ndi ubatizo madzulo. Slavica anapinda manja pachifuwa, ndipo a Dobri anatenga kumeneko kukhala kuvomera.

Anatsegula kumbuyo n'kuika dzanja pa pampu. Inali yozizira ngati chule. Apa mdalayo anaima kaye. Petulo sangawire m'chinthu chozizira chonchi, ndiye kuti chilimwe chonsechi ankachiza matenda amene kunalibe. Munthu wina akanagwa mphwayi, koma iwo nkhope inachita kuwala, chifukwa bodza limodzi linali litachoka panjira.

"Tihomir, ika mbaleyo pansi, upotokole kiyi. Kumanja, iwe, si chitseko cha khola chimenecho!"

Anazula waya wa pulagi n'kuuyandikiza ku chitsulo. Moto unadumpha, wabuluu, wamphamvu.

"Moto ulipo."

Anatsegula kabuleta. Mkati munali gwaa, mopanda ngakhale dontho.

"Mafuta sakufika. Chabwino, tiwalondole kumene achokera."

Anazula paipi yochokera kuthanki, anaipukuta pa malaya oyera aja, anaiika pakamwa n'kuyamwa. Sipanabwere kanthu. Anayamwanso mwamphamvu, ndipo atasiya anamva paipiyo ikuwakoka lilime, ngati ikufuna kubweza chimene aitengera. Analavula, anaima chilili, akuyang'ana kutsogolo kwa galimoto.

"Mwaiwala kuthira petulo, eti?" anafunsa a Tihomir. "Nenani, sitikuuza munthu. Kupatula a kunyumba ya khofi."

A Dobri anazungulira, anatsegula buti, imene inkamvekabe kafungo ka maapozi, n'kugwira chitsekerero cha thanki. Chichokere pa njerwa anali asanachigwirepo, poti pothira petulo amatsegula ndi anyamata a pamalo ogulitsira mafuta. Chinakana kupotoka. Anachigwira ndi manja awiri. Chitamasuka, thanki inakoka mpweya, fyuu, ngati munthu wovuuka m'madzi, kenako chitsulo chake chinalira kuti gubu. Petulo analimo wambiri.

"Wamva?" anatero mokweza, akuyang'ana mwana wawo. "Wamva kupuma kumeneko? Moto, mafuta, mpweya! Ine ndimafuna mpweya kumbuyo, kusadziwa kuti wasowa kutsogolo. Ukamathira mafuta ophikira a m'chitini umaboola mabowo angati?"

"Awiri," anayankha Slavica mosafuna.

"Lina lotulukira mafuta, lina lolowera mpweya. Thanki ndi chimodzimodzi. Chitsekererochi chili ndi kabowo ngati ka singano. Kakatsekeka, pampu imakoka, imakoka, mpaka thanki imakana. Ulendo wa kugolosale ndi waufupi, sizimveka. Koma paphiri injini imamwa kwambiri. Ndikakhala pamthunzi paja, mpweya umalowa pang'onopang'ono wokha, ine n'kumathokoza nsanza ndi chivwende!"

Anaseka kwambiri, kudziseka okha, chinthu chimene a Tihomir akuti anali asanachionepo. Akusekabe anatembenuza chitsekererocho kuti aone chimene chatseka kabowoko, kaya ndi dzimbiri, kaya ndi dothi la mavu. Kuseka kunathera pomwepo.

Mkati mwa chitsekerero munali kachibulumwa ka phula lachikasu, lomatidwa mwaukhondo. Pakati pake panali kadzenje ka chala, ndipo m'kadzenjemo munadutsa mzere.

Sipanafunike wofotokoza. Mayi Zaga, poika maapozi awo m'buti chisanu chathachi, anamvanso fungo lija la zaka zonse. Ulendo uno analilondola mpaka anapeza kabowo, ndipo anachita chimene ankachita ndi bowo lililonse pa dziko lapansi. Sananene kanthu, poti za galimoto sizinali zawo. Kukuzizira phulalo linali louma, likusiya kampata. Dzuwa litalifewetsa, linagwira bwinobwino, monga ntchito ya mayi Zaga imagwirira.

A Tihomir anasuzumira, anavula chipewa, kenako anapapasa m'thumba n'kutulutsa kamsomali.

"Boolani, aneba, tizipita. Abambo wansembe akuchedwa."

"Bweza msomali wakowo."

Dzanja la Slavica linali litatambasukanso, mwina osadziwa n'komwe. A Dobri anaikamo chitsekererocho m'malo mwa makiyi. Slavica anayang'ana, anayang'ananso. Anaika chala chake chachikulu m'kadzenje kaja mosamala, ndipo chinakwana ndendende.

"Amayi inunso," anatero. "Mpaka galimoto?"

Analira pamsewu pomwepo, mayi wamkulu wa imvi zake, ndipo bambo ake anamusiya alire. Chisoni chinawagwira iwonso, koma manja awo ankafuna ntchito. Analowa m'munda muja, anathyola chimanga chimodzi chonenepa, anachisenda, n'kuchilowetsa pakamwa pa thanki mpaka chinakhala nganganga.

"Pakati pa mizere ya njerezi mpweya uzidutsa," anauza a Tihomir. "Mwini munda ndidzamupatsa botolo la kachasu. Lowa, ugwire mbale."

Anabwezera paipi, anatseka kabuleta, anataya nsanza ija m'tchire. Anapotokola kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, pampu ikudzaza paipi youma, wansembe atatulutsa mutu pawindo. Kenako Kankhunda kanalira, ndipo kanakwera phiri lonselo osatsokomola ngakhale kamodzi.

Kumanda kunali nkhalamba za ku Kamenica zikudikira pamthunzi wa mtengo. Wansembe anaimba mapemphero, anathira vinyo pa tirigu ndi pamanda, makandulo akupindika ndi kutentha. Anthu atayamba kugawana chakudya, a Dobri anagwada pafupi ndi mtanda, bondo likulira, anatulutsa chitsekerero m'thumba la malaya n'kuchionetsa ku mtandawo.

"Zaga, taona ntchito yako. Chilimwe chonse ndakhala ndikubwera, iwe n'kumandibweza pa kasupe. Wandichititsa manyazi pamaso pa Tihomir, munthu wosadziwa ngakhale kupopa njinga. Ndinakuuza kuti za galimoto n'zanga." Anapukuta m'maso ndi nkhonya. "Koma wamata bwino, mkazi iwe. Fungo silinatulukedi."

Anabweza chitsekererocho m'thumba la pachifuwa n'kumanga batani.

Pobwerera Slavica anapereka makiyi a galimoto yake kwa a Tihomir, amene anawalandira ndi manja awiri poganiza za kuzizira kwa mkatimo. Iye anakalowa m'Kankhunda, pampando wa amayi ake, mbale yopanda kanthu ili pamiyendo.

"Bambo wogula uja ndimuuza chiyani?" anafunsa atayamba kutsika.

"Umuuze kuti galimotoyi ilibe chitsekerero. Ndani angagule galimoto yotseka ndi chimanga?"

"Ndikugulirani china mawa. Chokhala ndi bowo."

"Ugule. Loweruka ndikubweranso kuno, udzu wayamba kumera kumiyendo kwa amayi ako."

"Mudzandidikire, tidzakwere limodzi."

M'galimotomo munali ngati mu uvuni. Slavica anatambasula dzanja kuti atsegule windo, anagwira chogwirira, kenako anachisiya n'kubweza dzanjalo pa mbale. Anatsika phiri lonse mawindo ali chitsekere, thukuta lili kamukamu, ndipo palibe anadandaula.